Kukopera VM Imodzi Kuti Ikwanire Kalasi Yonse

Amene amaphunzitsa za maseva ndi netiweki amadziwa kuti wophunzira saidziwa bwino ntchitoyi asanawonongepo kanthu. Ayenera kufufuta fayilo yosayenera kufufutidwa, kudzitsekera kunja kwa seva, kusokoneza ma adiresi, kenako n'kulimbana nazo mpaka atakonza yekha. Zimenezi simungamulole kuchitira pa seva ya ku ofesi. N'chifukwa chake malo ambiri ophunzitsirako amagwiritsa ntchito ma virtual machine, amene anthu a ntchitoyi amangowatchula kuti ma VM, ndipo m'malo mokonza iliyonse payokhapayokha amakonza imodzi n'kuikopera kambirimbiri. Kukoperako kumatenga mphindi zochepa. Chovuta n'chakuti kope limatenga zonse, ngakhale zinthu zimene kompyuta iliyonse imayenera kukhala ndi zakezake, ndipo mavuto ake amadzaonekera kalasi itayamba kale.

Kodi VM n'chiyani, nanga zimatheka bwanji kukopera kompyuta yathunthu?

VM ndi kompyuta imene imagwira ntchito mkati mwa kompyuta ina. Ili ndi Windows kapena Linux yakeyake, disiki yake, RAM yake ndi kadi yake ya netiweki, koma zonsezi imabwereka ku kompyuta yeniyeni kudzera mu pulogalamu yotchedwa hypervisor. Mapulogalamu odziwika ndi VirtualBox ya kampani ya Oracle, VMware Workstation, Hyper-V imene imabwera ndi Windows Pro, Enterprise ndi Education, komanso Proxmox VE yopangidwa ku Vienna, imene imaikidwa pa seva yapadera. VM ikazimitsidwa imangokhala mafayilo ochepa mu foda. Pa VirtualBox pamakhala kafayilo kothera ndi .vbox kofotokoza kuti makinawo ali ndi RAM yochuluka bwanji ndiponso makadi angati, ndi fayilo yaikulu yothera ndi .vdi, yomwe ndi disiki yonse. Pa VMware mafayilowo ndi .vmx ndi .vmdk, pa Hyper-V disikiyo ndi .vhdx. Poti ndi mafayilo, amakopereka, ndipo kope lotere ndi limene limatchedwa clone.

Bwanji osangoika Windows kapena Linux pa VM iliyonse payokha?

Ma VM ake akakhala awiri, teroni. Akakhala 20, mudzathera masiku mukuyang'anira makina akuyaka ndi kuzima, ndipo iliyonse idzafuna kupanga dawunilodi ma update omwewo. Amene amagula bandulo ya intaneti ndi ndalama za m'thumba mwake safuna kuuzidwa kuti zimenezi zimapweteka bwanji. Komabe chifukwa chachikulu ndi kufanana kwa makinawo. Mphunzitsi akanena kuti tsegulani fayilo yakuti, ophunzira onse ayenera kuipeza pamalo amodzi, ili chimodzimodzi. Makina oikidwa pamanja amasiyana tinthu ting'onoting'ono, ndipo theka la phunziro limathera pofufuza chifukwa chake za uyu zikutheka pomwe za mnzake zikukana.

Woumba njerwa amayamba wasamala chikombole, chifukwa chikakhota, njerwa za uvuni wonse zimatuluka zokhota. VM yoyambayo ndi chikombole chanu. Nthawi imene mwapulumutsa posaika makina 20, ina muithere pamenepo.

Kodi sindingangokopera foda ya VM ija ngati fayilo ina iliyonse?

Pa kompyuta yomweyo, VirtualBox idzakukanizani. Disiki iliyonse ili ndi nambala yaitali yoizindikiritsa yotchedwa UUID, yolembedwa mkati mwa fayilo momwemo, ndipo kusintha dzina la fayilo sikusintha nambalayi. Mukati mutsegule kope lija, pamabwera uthenga wakuti disiki ya UUID imeneyo ilipo kale. Pali komandi yakuti `VBoxManage internalcommands sethduuid` imene imapatsa disiki nambala yatsopano, koma palibe chifukwa chodzivutitsira choncho. Kuyambira pa VirtualBox 4.1 ya mu 2011, mumangozimitsa VM, kudina batani la kumanja la mausi pa dzina lake, n'kusankha Clone. Pa tsamba lotsatira pali malo olembedwa MAC Address Policy, ndipo pamenepo musankhe "Generate new MAC addresses for all network adapters". Ambiri amapadumpha pamenepa pothamangira kudina Next.

VMware imalola kukopera foda, koma mukayatsa kopelo imafunsa ngati makinawo mwawasamutsa kapena mwawakopera. Mukayankha "I Copied It" imawapatsa manambala atsopano. Mukayankha "I Moved It" imasunga akale omwe aja. Pa Hyper-V mumachita Export kenako Import, n'kusankha njira yoyamba ndi mawu akuti "Copy the virtual machine", imene imapanga nambala yatsopano.

Pa tsamba la Clone pali full clone ndi linked clone. Ndisankhe iti?

Full clone ndi kope lathunthu loima palokha. Ngati disiki ya chikombole yadzaza 25 GB, makope 20 adya 500 GB, ndipo lililonse litenga nthawi yake kuti likopereke. Ubwino wake ndi wakuti mukhoza kulisamutsira pa kompyuta ina, ndipo chikombole chikafufutidwa ilo silikhudzidwa.

Linked clone simakopera disiki konse. Imawerenga pa disiki ya chikombole, n'kumalemba zosintha zake zokha mu kafayilo kena kamene kamayamba kali kakang'ono kwambiri n'kumakula wophunzira akamagwira ntchito. Imapangika m'masekondi ochepa. VirtualBox imachita zimenezi poika snapshot (chithunzi cha mmene disiki ilili pa nthawiyo) pa chikombole, Hyper-V imagwiritsa ntchito ma differencing disk, ndipo pa Proxmox mumayamba mwasandutsa VM kukhala template. Choipa chake n'chakuti ma clone onse amadalira fayilo imodzi. Disiki ya chikombole ikawonongeka kapena ikasowa, kalasi yonse yagwa nthawi imodzi.

Ine ndimalangiza chonchi: ngati ma VM onse akhala pa kompyuta imodzi yamphamvu yokhala ndi SSD, ndipo maphunzirowo ndi a masabata ochepa, pangani ma linked clone, koma musunge kope lathunthu la chikombole pa disiki ina. Ngati ma VM akupita pa malaputopu a ophunzira, full clone ndiyo yokha ingathandize. Ndipo makope akachuluka musamadine limodzilimodzi. Komandi ngati `VBoxManage clonevm chikombole --snapshot=maziko --options=link --name=wophunzira01 --register` mukhoza kuiika mu script kuti ibwerezedwe, dzina lokha likusintha; maziko ndi dzina la snapshot ya chikombole.

Ndikonze zotani pa chikombole ndisanayambe kukopera?

Ikani ma update onse, mapulogalamu onse a phunzirolo, ndiponso Guest Additions ngati ndi VirtualBox kapena VMware Tools ngati ndi VMware, kuti sikirini ndi mausi zizigwira bwino. Kenako yesani nokha phunziro loyamba ndi lomaliza pa kope loyeserera, osati pa chikombole penipenipo.

Mukatero yambani kuchotsa. Apa ndi pamene pamafunika mtima wodekha, chifukwa chilichonse chimene mwasiya mwagawira kalasi yonse. Ngati munatsegula imelo yanu mu browser ya pa VM imeneyo n'kulola kuti isunge pasiwedi, wophunzira aliyense walandira pasiwedi yanu. Pa Linux, fayilo ya `.bash_history` imasunga makomandi amene munalemba, kuphatikizapo mayankho a mayeso ngati munayeserera pomwepo, ndipo mu foda ya `.ssh` mungakhale kiyi yanu yolowera m'maseva ena. Ndi chifukwa chomwechi sindivomereza konse zotenga seva yeniyeni ya ku ofesi n'kuikopera kuti ikhale ya ophunzira. Zimaoneka ngati njira yachidule, koma mkati mwake mumakhala mayina a anthu, malipiro awo, mapasiwedi, ndiponso ntchito zimene seva imachita yokha pa nthawi yake. Kope lotere likangoyaka likhoza kuyamba kutumiza ma imelo kwa makasitomala enieni. Chikombole cha labu chiziyambira pa disiki yopanda kanthu.

Musalowetse chikombole mu domain, musachipatse IP adiresi yokhazikika, ndipo pa Windows 11 onetsetsani kuti BitLocker ndi yozimitsa. Pomaliza chizimitseni bwinobwino kuchokera mkati, osati kungochiimitsa kaye ndi Save State.

Ndakopera, koma ma VM onse akuonetsa IP adiresi imodzi. Chalakwika n'chiyani?

Yambani mwaona adiresiyo. Ngati ndi 10.0.2.15, palibe chalakwika. Pa VirtualBox, VM iliyonse imene kadi yake ili pa NAT imakhala ndi kanetiweki kakekake kobisika, ndipo yonse imapatsidwa adiresi yomweyi. Imafika pa intaneti, koma sionana ndi inzake. Ngati mukufuna kuti ma VM azilankhulana, asamutsireni pa NAT Network kapena Internal Network.

Ngati ali pa netiweki imodzi koma akulimbirana adiresi, onani MAC adiresi, nambala ya kadi ya netiweki. Za VirtualBox zimayamba ndi 08:00:27, za Hyper-V ndi 00:15:5D, za VMware kawirikawiri 00:0C:29 kapena 00:50:56, ndipo manambala otsalawo ayenera kusiyana pa VM iliyonse. Akafanana, seva ya DHCP imene imagawa ma adiresi imaona ngati ndi kompyuta imodzi yomwe yabweranso.

Chachitatu ndi chimene chimazunguza mitu anthu ambiri, ndipo chimakonda kuchitika pa Ubuntu Server. Ma MAC onse ndi osiyana, koma adiresi ikubwerabe imodzi. M'kalasi zimaoneka chonchi: wophunzira wina alowa ndi SSH, alemba mizere iwiri, kenako zonse ziima. Akalowanso apeza kuti fayilo imene anapanga palibe, m'malo mwake pali ya mnzake wa pa desiki lakumbuyo, chifukwa ulendo uno adiresi ija yamufikitsa pa VM ina. Gwero lake ndi kafayilo ka `/etc/machine-id`, kamene kamakhala ndi nambala yopangidwa tsiku limene Linux inaikidwa. Ubuntu Server ikamapempha adiresi imadzidziwikitsa ndi chizindikiro chochokera pa nambala imeneyi, osati pa MAC. Ndiye makope onse amapempha ndi dzina limodzi. Kukonza kwake ndi pa chikombole: musanachizimitse komaliza lembani `sudo truncate -s 0 /etc/machine-id`. Fayiloyo musaifufute, muingoisiya yopanda kanthu, ndipo kope lililonse likayaka koyamba lidzadzipangira nambala yake. Onaninso `/var/lib/dbus/machine-id`, chifukwa ngati ndi fayilo yapayokha yosunga nambala yakale, ikhoza kubwezeretsa vuto lomwelo. Njira ina ndi kulemba `dhcp-identifier: mac` mu fayilo ya netplan.

Mukadali pomwepo, fufutaninso makiyi a seva ya SSH, mafayilo oyamba ndi `ssh_host_` mu foda ya `/etc/ssh`, ndipo pa kope lililonse mupange atsopano ndi `sudo ssh-keygen -A`. Makiyiwa ndi amene amatsimikizira wolowa kuti wafika pa seva yoyenera. Akanakhala osiyana, wophunzira uja akanachenjezedwa nthawi yomweyo kuti wafika pa makina ena. Dzina la kompyuta mumasintha ndi `hostnamectl set-hostname`.

Ena amati Sysprep ndi yosafunika pa Windows. Kodi n'zoona?

Nkhaniyi ili ndi mbiri yake. Windows iliyonse ikamaikidwa imapanga nambala yotchedwa SID, yoyamba ndi S-1-5-21, ndipo ma akaunti onse a pa kompyutayo amatenga manambala awo kuchokera pamenepo. Kwa zaka zambiri anthu ankasintha nambalayi pa makope ndi kapulogalamu kotchedwa NewSID. Mu 2009 Mark Russinovich, amene anakalemba kapulogalamuko, anafotokoza kuti kufanana kwa SID pakokha sikunkabweretsa mavuto amene anthu ankaopa, ndipo NewSID inasiyidwa. Ambiri anangomva mbali imeneyi n'kuganiza kuti Sysprep, pulogalamu yokonzekeretsa Windows kuti ikoperedwe, yatha ntchito. Koma iye sananene zimenezo, ndipo Microsoft sinasiye kunena kuti Windows yokoperedwa popanda Sysprep siithandizira.

Mu labu yophunzitsira vutoli limakupezani msanga, chifukwa phunziro lodziwika kwambiri ndi la Active Directory. Mukakweza seva yoyamba kukhala domain controller, SID ya makina amenewo ndi imene imasanduka SID ya domain yonse. Ngati seva yachiwiri ndi kope la chikombole chomwecho, ikafuna kulowa mu domain imakanidwa ndi uthenga wakuti SID yake ndi yofanana ndi ya domain. WSUS nayonso, imene imagawa ma update, imasokonezeka: makope amaoneka ngati kompyuta imodzi imene ikungosinthasintha dzina. Kuwonjezera apo, ma update a mu 2025 a Windows 11 24H2 ndi Windows Server 2025 anayamba kukhwimitsa zinthu, moti makompyuta a SID yofanana amakanizana kulowa m'mafoda ogawana ndiponso pa Remote Desktop. Choncho zimene zinkatheka kale popanda Sysprep, lero zikhoza kukana.

Pulogalamuyi ili kale mu `C:\Windows\System32\Sysprep`, ndipo komandi yake ndi `sysprep /generalize /oobe /shutdown`. Jambulani snapshot musanaiyendetse, chifukwa nthawi zina imalephera, makamaka pakakhala mapulogalamu a mu Microsoft Store amene anaikidwa pa akaunti imodzi yokha; chifukwa chake mumachipeza mu fayilo ya `setupact.log` mu foda ya Panther pomwepo. Makina akazima, musawayatsenso. Mukawayatsa, chikombolecho chidzadzipatsa SID ndi dzina latsopano, ndipo makope onse otengedwa pambuyo pake adzafanananso. Kope lililonse likayaka limafunsa dziko, chinenero ndi akaunti ngati kompyuta yatsopano. Ngati simukufuna kuyankha mafunsowa ka 20, fayilo ya `unattend.xml` imayankha m'malo mwanu.

Chikombole changa chili ndi laisensi. Kodi makope onse ndiye kuti ali nayonso?

Ayi. Windows imene ikuyenda pa VM imawerengedwa ngati kompyuta ina, ndipo iliyonse imafuna chilolezo chake. Laisensi imene inabwera ndi laputopu ndi ya laputopuyo, simungaigawire ma VM. Zoti kope layaka osadandaula sizitanthauza kuti n'lololedwa. Musatengenso ma Windows obedwa a pa fulashi zongopatsirana, chifukwa mukatero mwachulukitsa ka 20 chilichonse chimene chinabisidwamo.

Njira yoyenera ilipo. Microsoft imapereka mwaulere Windows Server yoyeserera ya masiku 180 ndi Windows 11 Enterprise yoyeserera ya masiku 90, ndipo pa maphunziro a teremu imodzi zimenezi zimakwanira. Teremu isanayambe yatsani kope limodzi n'kulemba `slmgr /dlv` kuti muone masiku otsala, chifukwa akatha, seva imayamba kudzizimitsa yokha pafupifupi ola lililonse. Ubuntu, Debian, Rocky Linux ndi AlmaLinux mukhoza kukopera mmene mungafunire. VirtualBox ndi yaulere, ngakhale Extension Pack yake ili ndi malamulo ena oti muwawerenge ngati sukulu yanu ndi yamalonda, ndipo VMware Workstation Pro, imene kale inkagulitsidwa, inakhala yaulere kwa aliyense kuyambira mu November 2024.

Kodi labu yotere ingasokoneze netiweki ya sukulu kapena ya ofesi?

Ingathe, ndipo kawirikawiri zimayambira pa kadi imene yaikidwa pa Bridged. Bridged imaika VM pa netiweki yeniyeni ngati kuti mwailumikiza ndi waya ku rauta. Tsiku la phunziro la DHCP, wophunzira amayatsa seva yake yogawa ma adiresi, ndipo sevayo sidziwa kuti ndi yoyeserera. Imayankha aliyense amene wapempha. Mafoni a aphunzitsi amaonetsa kuti alumikizika koma intaneti palibe, pulinta ya mu ofesi ya akauntanti imasowa, ndipo anthu amayamba kuimba foni ku kampani ya intaneti pomwe vuto lili m'chipinda choyandikana nacho. Ophunzira akakhala 20, maseva oterewa amakhala 20.

Ma VM a ophunzira azikhala pa Internal Network ngati ndi VirtualBox, pa Private switch ngati ndi Hyper-V, kapena pa LAN segment ngati ndi VMware. Pa VirtualBox dzina limene limabwera kale ndi intnet, ndipo ma VM onse a pa kompyuta imodzi amene ali ndi dzina limeneli amaonana. Patsani wophunzira aliyense dzina la netiweki lakelake kuti domain yake isakumane ndi ya mnzake. Host-only, imene kawirikawiri imagwiritsa ntchito ma adiresi oyamba ndi 192.168.56, ndi yabwino ngati wophunzira akufuna kulowa mu VM kuchokera pa laputopu yake. Akafuna intaneti, onjezani kadi yachiwiri ya NAT, kapena ikani VM imodzi ya pfSense pakati kuti ikhale rauta ya labuyo, zimene ndi phunziro labwino pazokha. Hyper-V ilinso ndi DHCP Guard, yomwe imatsekereza VM kugawa ma adiresi.

Pa maphunziro a chitetezo musanyengerere konse. Metasploitable, ya kampani ya Rapid7, inapangidwa dala ndi mabowo kuti ophunzira aziyeserera kuthyola. Makina otere asamaonekere pa netiweki yeniyeni ngakhale kwa kanthawi kochepa. Ndipo ophunzira auzidwe momveka bwino kuti zida zothyolera azigwiritsa ntchito pa makina a mu labu okha.

Kompyuta imodzi ingathe kunyamula ma VM angati?

Chimene chimayamba kutha ndi RAM. Windows 11 imafuna 4 GB, Windows Server yokhala ndi mazenera imafuna 2 GB koma imayenda bwino ikapatsidwa yoposa pamenepo, ndipo Linux yopanda mazenera imakwanira pa 1 GB kapena 2 GB. Kompyuta yeniyeniyo muisiyire 4 GB. Ndiye laputopu ya 8 GB inyamula Windows imodzi kapena ma Linux awiri kapena atatu, pomwe ya 16 GB inyamula domain controller, seva yachiwiri ndi Windows 11 imodzi. Chachiwiri ndi disiki. Ma VM angapo akayaka nthawi imodzi pa hard disk yakale yozungulira, zonse zimangokwawa. Ngati ndalama zilipo zogulira chinthu chimodzi chokha, gulani SSD. Ma CPU musapatse VM ambiri poganiza kuti ithamanga. Awiri amakwanira pa maphunziro ambiri.

VM ikakana kuyaka n'kutchula VT-x kapena AMD-V, lowani mu BIOS muyatse virtualization. Ndipo mukaona kachithunzi ka kamba wobiriwira pansi pa zenera la VirtualBox, ndiye kuti Hyper-V ya Windows ndi yoyaka ndipo VirtualBox ikuyendera pamwamba pake, n'chifukwa chake ikuchedwa.

Ndingawapatse bwanji ophunzira VM kuti akayeserere kunyumba?

Gwiritsani ntchito Export Appliance kuti mutulutse fayilo imodzi yothera ndi .ova, mmene mumakhala disiki ndi makonzedwe onse. Wophunzira amangochita Import, n'kusankhanso kuti ma MAC akhale atsopano. Fulashi zambiri zimagulidwa zili pa FAT32, imene simalola fayilo yoposa 4 GB, ndiye mukaona ikukana pomwe malo alipo, ifomateni kukhala exFAT kapena NTFS. Onse akhale ndi VirtualBox ya mtundu umodzi, ndipo pa Windows 11 ikhale 7.0 kapena yatsopano kuposa pamenepo, chifukwa ndi imene inayamba kupereka TPM 2.0. Funsiranitu ngati pali amene ali ndi Mac ya chipu cha Apple, M1 ndi zotsatira zake. Makina amenewa ndi a mtundu wa ARM, ndipo VM yopangidwira Intel kapena AMD siyaka pa VirtualBox yawo. Wophunzira wotere amafuna chikombole china cha ARM, kapena malo pa kompyuta ya mu labu.

Wophunzira akawononga VM yake, kodi snapshot ndi yokwanira kubwezeretsa zonse?

Pa zimene wophunzira wawononga mkati mwa VM, inde. Kope likangoyaka koyamba n'kulandira dzina ndi adiresi yake, jambulani snapshot, ndipo akasokoneza zinthu mumangomubwezera pamenepo m'masekondi ochepa. Koma snapshot si backup ayi. Imakhala pa disiki yomweyo ndipo imadalira fayilo yoyambirira. Disikiyo ikafa, zonse zapita limodzi. Ma snapshot akachuluka amadya malo ndipo amachedwetsa makina. Kumene magetsi amazima mosayembekezereka, nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene mukufufuta snapshot, chifukwa pulogalamu imakhala ikuphatikiza mafayilo awiri a disiki kukhala amodzi. Ntchito imeneyi ichitikire pa kompyuta ya UPS kapena pa laputopu ya batire lodzaza.

Palinso vuto lina pa ma VM a mu domain. Kompyuta iliyonse ya mu domain ili ndi pasiwedi yake yobisika imene imasintha yokha masiku 30 aliwonse. Mukabwezera VM imodzi pa snapshot yakale pomwe domain controller ikudziwa pasiwedi yatsopano, wophunzira amakanidwa kulowa ndi uthenga wonena za trust relationship. Mukhoza kukonza ndi `Test-ComputerSecureChannel -Repair` mu PowerShell, koma njira yosavuta ndi kujambula ma VM onse a wophunzira mmodzi nthawi imodzi, onse ali ozimitsa, n'kumawabwezeranso onse pamodzi.

Teremu ikatha, ndikonze chikombole chakale kapena ndipange china?

Makope amene alipo kale salandira zimene mwasintha pa chikombole, ngakhale ma linked clone, chifukwa iwo amawerenga mmene disiki inalili tsiku limene anapangidwa. Pa Hyper-V, kusintha disiki imene ma differencing disk akudalira kumawononga makope onse, ndiye fayilo imeneyo muziika pa read-only tsiku lomwelo limene mwaipanga. Chimene chimathandiza ndi kusunga VM imodzi yokonzera, yomwe sinadutsepo mu Sysprep. Teremu yatsopano ikayandikira mumaiyatsa, kuika ma update, kutengapo full clone, n'kuyendetsa Sysprep kapena kuchotsa machine-id pa kopelo. Limenelo ndiye chikombole cha teremuyo. Pa dzina lake lembanipo chaka ndi mwezi, ndipo mu foda yake musiyemo kafayilo konena zimene zaikidwamo, akaunti yolowera, ndi tsiku limene laisensi yoyeserera idzathe, kuti mphunzitsi mnzanu asadzayambirenso pachiyambi. Pofufuta zakale yambani ndi ma clone, chikombole chikhale chomaliza, ndipo ophunzira awuzidwe tsiku lofufutalo kudakali sabata kuti atulutse ntchito zawo.